Kawailesi ka Ambuya

Mu mphakati wathu muli mai wina wokalamba amene anaimba m'kwaya kucokera pa utsikana wao. Ife tonse tiwacha Ambuya. Matenda a sitiroko anawagoneka pamphasa, ndipo dzanja lao lamanja silinyamuka. Tsiku lina nditapita kukawazonda, anandipempha cinthu cimodzi cokha: kuti amvenso mau a anzao a m'kwaya.

Ndinayesa kuti ndi nchito ya madzulo amodzi. Ndinasonkhanitsa nyimbo 12, zina za pa makaseti athu akale zimene mwana wanga anasamutsira pa kompyuta, zina zojambulidwa ndi foni m'chalichi. Zonse ndinaziika pa kakhadi, n'kukalowetsa m'kawailesi kakang'ono. Sabata itatha, Ambuya anandilandira ndi mlandu.

"Aphunzitsi, kawailesi kanu n'kacipongwe. Nyimbo ina ingonong'ona, ndiye ndiitana mdzukulu kuti akweze. Iye akangopita kumadzi, ibwera ina yophulika ngati mphenzi, ndipo ine ndiribe dzanja lotsitsira."

Manyazi anandigwira. Munthu wamphamvu atambasula dzanja n'kupotokola kabatani osaganizako. Ambuya anali kudikira mpaka wina abwere.

Mwana wanga anandiikira Audacity, pulogiramu yaulere yokonzera mau, nandisiya ndekha. Poyamba ndinagwiritsa nchito lamulo lochedwa Normalize, limene liyang'ana pamene mau anakwera koposa m'nyimbo ndi kuika nsonga imeneyo pa muyeso umene mwasankha. Nyimbo zonse ndinaziika pa -1 dB, ndipo pa galasi zinaoneka zolingana. Kukhutu sizinalingane konse. Cifukwa cace ndinacimvetsa mocedwa: m'nyimbo yofatsa, nthungululu imodzi kapena kugunda kumodzi kwa ng'oma ndiko kumakhala nsonga, pamene mau ena onse atsalira pansi. Ndinali ngati munthu woyesa munda wa cimanga poona phesi limodzi lalitali.

Khutu la munthu limva mphamvu ya nyimbo yonse pamodzi, ndiponso silimva mau onse mofanana. Mau okhuthala a besi afunika mphamvu zambiri kuti amveke ngati mau a soprano. Fletcher ndi Munson anaonetsa zimenezi m'caka ca 1933. M'caka ca 2006 bungwe la ITU linakhazikitsa njira yoyesera mau motsanzira khutu, ndipo muyeso wace ndiwo uchedwa LUFS. Manambala ace ali pansi pa ziro, kotero kuti -14 ndi yokwera kuposa -23, cinthu cimene cinandizunguza mutu masiku awiri. Mu 2010 bungwe la nyumba za mphepo ku Ulaya, EBU, linasankha -23 LUFS, pamene Spotify ilinganiza nyimbo zace pa -14. Ine ndinatenga -16, poona kuti kawailesi kathu n'kofooka, ndipo lamulo la Loudness Normalization mu Audacity linandiwerengera zotsalazo.

Apa panabuka vuto lina. Mau a pa kompyuta ali ndi denga, ndilo 0 dB. Mukakweza nyimbo yofooka, nsonga za ng'oma zigunda dengalo n'kudulidwa, ndipo zimveka ngati nsaru yong'ambika. Mankhwala ace ndi limiter, kacipangizo kamene kapanikiza nsonga zokhazo kuti zisapitirire -1 dB. Koma ndikucenjezeni, inu amene mudzayesa: ndinapanikiza kwambiri nyimbo ina ya Pasaka, ng'oma zinafa, kwaya inakhala ngati iimbira m'cigubu. Ndinabwerera ku cifanizo coyamba, cimene mwamwai ndinali nditasunga. Za makaseti nazo, pokweza mau ndinakwezanso mkokomo wa tepi, ndipo ndinaucotsa pang'ono cabe, pakuti kuucotsa wonse kunali kudyanso mau a oimba.

Zonse zitafika pa -16, ndinakhala pansi kumvetsera kuyambira yoyamba mpaka yotsiriza, ndipo mtima sunakhazikike. Nyimbo ya Lenti, imene tiimba mogwada ndi mopanda ng'oma, inali kufuula mofanana ndi ya Pasaka. Makina anacita cimene ndinawauza, koma nyimbo yacisoni yofuula si yathu. Ndinatsitsa nyimbo zitatu zofatsa ndi madesibelo 3, kusiyana kumene khutu limva koma kosafuna kuti munthu agwire kabatani.

Mayeso otsiriza sindinacitire pa zomvera za m'makutu. Ndinayala mphasa kunyumba, ndinaika kawailesi pa mpando patali ngati pamene kakhala kwa Ambuya, n'kugona manja ali pacifuwa. Mai a kunyumba anandipeza cigonere, nafunsa ngati ndadwala. Kawiri dzanja linafuna kunyamuka, ndipo nyimbo ziwirizo ndinazikonzanso.

Lamulungu masana ndinabweza kawailesi. Mdzukulu anakweza kamodzi, napita kukasewera. Tinamvetsera nyimbo zisanu ndi imodzi osalankhula. Pa yacisanu ndi ciwiri, ya pa kaseti, Ambuya anatukula cala ca dzanja lamanzere.

"Mwamva, Aphunzitsi? Wa alto uyo walowa mocedwa ndine. Bwezani ndimvenso."