Chi-Bedford chakale ndi mbatata za kwa Nyachikadza

Inu amalonda a mu Limbe, ku Ndirande ndi ku Bangwe, mukamakhuthula thumba la mbatata m'mamawa, mudayamba mwadzifunsapo kuti yafika bwanji pamsikapo? Ine ndidatsetsereka kupita kwa Nyachikadza m'boma la Nsanje kukaona ndi maso anga, ndipo ndabwerako ndi nkhani ya chilole chachikulu msinkhu kuposa bambo anga.

Ndiyambe ndaulula matenda anga. Anzanga amafera mpira, ine ndimafera zitsulo zakale. Ndikaona lole yamakedzana kapena katapila, ndimaima ngati ndatola ndalama. Katapila amene ndikunenayu si uja wa ngongole amene adakudyerani mpamba ayi, koma chimakina chachikasu chokankha dothi.

Adandipatsira matendawa ndi agogo anga. Ankandiuza kuti ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, malole a Bedford ndi Leyland ndiwo ankatuta thonje m'chigwa cha Shire, pomwe magiledala a boma a PVHO ankapala misewu yafumbi mvula ikangotha. Iwo ankazindikira lole ndi kulira kokha, isanatulukire pakhona.

Kuchokera ku Blantyre kukafika pa Nsanje Boma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Mumatsika mapiri a Thabwa, n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, kenaka minda ya nzimbe ya ku Nchalo, Ngabu, Bangula. Kutentha kwake, abale, thukuta limachita kudontha ngati mwasamba.

Pa Boma ndidayamba ndazungulira kudoko lija lidatsegulidwa ndi malemu Bingu wa Mutharika mu Okutobala 2010. Tidauzidwa kuti sitima zizibwera kuchokera kunyanja yamchere kudzera mu Zambezi ndi Shire. Bwato la katundu limene linkayembekezeka tsikulo lidaimitsidwa ndi akuluakulu a ku Mozambique. Zaka zadutsa, padoko padakali zii, simenti yokhayokha.

Kwa Nyachikadza kulibe msewu woti lole n'kufikako. Deralo lazingidwa ndi madzi a Shire ndi madambo a Ndindi, kufupi ndi malire a Mozambique. Galimoto ya kumeneko ndi bwato, limene Asena amati mwadiya. Ndidakwera mtima uli m'mwamba poganiza za ng'ona ndi mvuu, wopalasa akungondiseka.

Nditatsika ndidamvetsa chifukwa chake anthu amakakamira. Chichokereni chigumula cha 1997, boma lakhala likuwauza kuti asamukire kumtunda. Madzi adabweranso mu 2015, mu 2019, mu 2022 ndi namondwe Ana, mu 2023 ndi Freddy. Koma madzi omwewo akaphwa amasiya dothi lachonde loti feteleza safunika. Chimanga, mbatata, nyemba, zonse zimachita kusangalala nthawi imene kumtunda kwauma gwa. Onjezanipo milamba ya m'dambo.

Vuto ndi limodzi. Mbatata ilibe miyendo. Ikakumbidwa imakwera mwadiya, ikatsika pagombe imasenzedwa pamutu kapena panjinga mpaka pamene galimoto ingafike. Ndi pamenepo, pobwerera, pamene ndidachipeza chilolecho.

Chidaima pansi pa mtengo, Bedford ya mphuno yaitali ija. Utoto udatha kalekale, chitseko chimodzi n'chomanga ndi waya, galasi lakutsogolo lili ndi mng'alu. Mtundu umenewu udayamba kupangidwa ku England mu 1958, ndipo mu 1987 fakitale ya malole a Bedford ku Dunstable idagulitsidwa. Kwawo adaziiwala, koma kuno chinali chikudikira matumba.

Mwini wake, mdala wa imvi amene ndi dalaivala komanso makaniko, adandiyang'ana ndikusisita boneti.

"Mwanawe, ukufuna kugula kapena kukwatira?"

"Ayi bambo, ndikungopempha malo mpaka ku Limbe."

"Kwera, koma usakhale ndi changu."

Amayi atatu ogula mbatata ndiwo adachita hayala. Adandiuza kuti magalimoto atsopano amakana kutsika mumsewu wa kugombe, ati makumbi ndi matope zimawaonongera galimoto. Ofikawo amatchula mtengo wopha. Nkhalambayi yokha ndi imene siiwopa.

Batire inali yofooka, ndiye anyamata adachita kukankha. Chidatsokomola kawiri, n'kulavula utsi wakuda, kenaka injini ija idayamba kugunda mwaulemu ngati mtondo wa amayi awiri. Ndidamva tsitsi kuimirira. Kulira kumene agogo ankanena kuja ndi kumeneku.

M'njira mdalayo adandilozera giledala yakufa ili m'tchire pambali pa msewu, matayala adaphwa, mbuzi zikubisala dzuwa kunsi kwake. Adati chimene akulira iye si doko la sitima, koma giledala imodzi yamoyo yoti izipala msewu wa kugombe chaka ndi chaka. Pa Bangula adandikumbutsanso kuti njanji idaduka ku Chiromo mu 1997, ndipo katundu yense amene ankayenda pasitima adagwera pamsana pa malole.

Tidafika pa Thabwa kutada. Pakati pa chitunda, nthunzi fuu! Paipi ya madzi ya ku injini idaphulika. Mnyamata wa palole adalumpha n'kuika mwala kutayala. Amayi aja adangoti kukamwa yasa. Mmodzi adandinong'oneza kuti mpamba wake ndi wobwereka ku banki m'khonde, ndipo mbatata ikagona masiku awiri padzuwa m'matumba, basi watha.

Mdala uja sadatekeseke. Adatulutsa sipanala, mpeni, chidutswa cha chubu ndi waya. Adakulunga paipi, n'kumanga zolimba, n'kudikira injini izizire, n'kuthira madzi a m'chigubu. Ine ntchito yanga inali younikira ndi foni. Ola lisanathe tinali tikukwawa chitunda ndi giya wani. Kukanakhala kuti ndi galimoto za masiku ano zija zofuna kompyuta kuti zinene pamene zikudwala, bwenzi tikudikira makaniko wochokera m'tauni mpaka mawa lake.

Koma musaganize kuti zonse zili bwino. Chimamwa dizilo ngati chidakwa, mabuleki ake ndi ofunika pemphero, ndipo zipangizo zake m'sitolo mulibe. Mdalayo amasaka m'magalaja akale, n'kugula kwa anzake amene malole awo adafa. Nawonso ogula zitsulo zakutha akumupikisa: amadula lole yathunthu n'kuigulitsa pa sikelo ngati nyemba. Chimene chidandiwawa kwambiri n'choti ana ake onse adakana kuphunzira ntchitoyi, ati bola kabaza wa njinga yamoto. Tsiku limene manja awo aja adzaleke kugwira sipanala, ndani adzatsike ku gombe lija?

Tidalowa mu Limbe tambala woyamba atalira kale. Amayi aja adatsitsa matumba awo onse, osatayapo ngakhale limodzi. Mdalayo adathira madzi ena, n'kugona pachiwongolero.

Ndiye inu anzanga a pamsika, mukadzaona chilole chakale chikufuka utsi pachipata, musadzachiseke kuti ndi chiphakasa. Mugulireni dalaivala wake tiyi ndi mbatata yootcha. Mwinanso n'kutheka kuti mbatatayo adabweretsa ndi iye yemweyo.