Kumene kulibe galimoto, woopsa ndi wapanjinga

Ife amene tinakula tikupalasa njinga m'mphepete mwa msewu timaopa chinthu chimodzi: galimoto yochokera kumbuyo. Hutala ikangolira timatsikira m'fumbi, thumba la chimanga lili pakaliyala, osafunsa kuti wolakwa ndani. Mantha amenewa anatiphunzitsa kudziteteza, koma sanatiphunzitse kusamala anthu amene ifeyo tingawapweteke.

Ndinayamba kulingalira zimenezi nditapita kumsonkhano mumzinda wa New York ku America, komwe ndinabwereka njinga n'kuzungulira paki yotchedwa Central Park. Malowa ndi a mahekitala 341, ali pakati pa nyumba zosanja, ndipo msewu wozungulira m'kati mwake ndi wa makilomita pafupifupi 10. Kuyambira mu June 2018 galimoto za anthu wamba siziloledwa kuyendamo. Munthu angaganize kuti ngozi zinathera pomwepo. Ayi ndithu. Galimoto ikachoka, chothamanga kwambiri chimene chimatsala ndi njinga, ndipo wofunika kutetezedwa amakhala gogo woyenda ndi ndodo kapena mwana amene wapulumuka m'manja mwa mayi ake.

Anthu a mumzindawu anaziona chiletsocho chisanabwere n'komwe. M'chaka cha 2014, mu August ndi September, anthu awiri oyenda pansi anamwalira atagundidwa ndi njinga m'pakiyi. Chaka chisanathe, akuluakulu a mzinda anatsitsa liwiro lololedwa kuchoka pa makilomita 40 kufika pa 32 pa ola. Kwa ine ngakhale 32 yomweyo ndi yambiri pamalo pamene ana akusewera.

Malamulo ake ndi osavuta. Njinga zonse zimalowera mbali imodzi, ndiye ukapitirira pomwe umafuna kutulukira subwerera motsutsana ndi anzako. Pa tinjira ta oyenda pansi umatsika n'kumaikankha. Pamalo ena owolokera anthu pali maloboti, ndipo akaonetsa zofiira wapanjinga nayenso amaima. Ana osakwana zaka 14 amakakamizidwa ndi lamulo kuvala helemeti. Akuluakulu amasankha okha, koma ine ndinavala, poti mutu sauika chigamba.

Pomwe pamayesa mtima ndi kumpoto, pachitunda cha Harlem Hill. Ukakwera movutika, potsetsereka mtima umafuna kubweza thukuta lonse lija. Msewu ndi wosalala, wokhotakhota, ndipo suona amene ali kuseri kwa mitengo. Apa mpofunika kugwira mabuleki onse awiri pang'onopang'ono usanalowe pokhota, chifukwa buleki yakutsogolo ukaifinya yokha mwadzidzidzi imakuponya pamwamba pa mahandulo. Belu uimbe udakali patali. Ukaimba uli pamsana pa munthu, amadzidzimuka n'kulumphira komwe ukudzera, ndipo ambiri othamanga m'pakimo amakhala atatseka makutu ndi tizipangizo tomvetsera nyimbo, moti belulo salimva n'komwe.