Kuseri kwa minda ya tiyi, mlatho ukudikira pepala

Ndiloleni ndifotokozeko zomwe ndidaona kwathu ku Thyolo, komwe ndidapita masiku apitawa kukazonda amalume anga. Ndidakwera minibasi ku Limbe m'mamawa kuli chiperoni, tidadutsa pa Bvumbwe amayi akuyala kale kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu, ndipo titangopitirira pa Thunga maso adayamba kudya zobiriwira. Aliyense amene adayendapo msewu umenewu akudziwa momwe minda ya tiyi imaonekera. Imakwera chitunda ndi kutsika chigwa ngati mphasa yoyalidwa bwino, ndipo anthu othyola tiyi amaoneka apo ndi apo, madengu ali kumsana.

Mlendo amangoona kukongolako. Ine ulendo uno ndidayang'anitsitsa pansi. M'minda ya maesiteti monga Satemwa, yomwe idayamba mu 1923, mizere ya tiyi imatsata mapendekedwe a phiri. Madzi a mvula ali ndi ngalande zawo, madamu alipo, ndipo m'mphepete mwa timitsinje mudasiyidwa mitengo yachilengedwe. Nkhuni zoumitsira tiyi kufakitale zimachokera m'nkhalango za bulugamu zomwe adadzala okha. Mvula ikagwa yambiri, dothi limakhala pomwe lili.

Nditatsika pa Boma ndidakwera njinga yamoto kulowera cha ku Makwasa, kenako tidasiya phula n'kutsata kamsewu kafumbi. Malire a esiteti atangotha, dziko lidasintha nkhope. Chimanga, nandolo ndi chinangwa zakwera mpaka pamsonga pa zitunda, pena potsetsereka kwambiri moti wolima amachita ngati wakwera makwerero. Zigwembe zang'amba minda. Phiri la Thyolo, lomwe makolo athu ankati linali ndi nkhalango yowirira yolowa ndi mantha, mbali yaikulu lidasanduka minda.

Sindikunena kuti anthu akumudzi ndi osasamala ayi. Boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa 2018, pomwe malo ambiri achonde adapita kumaesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda ndi thangata. N'chifukwa chake m'zaka za 2004 mpaka 2011, kudzera m'ndondomeko ya Kudzigulira Malo, mabanja ena a kuno ndi ku Mulanje adasamukira ku Machinga ndi Mangochi. Otsalafe tidapanikizana pa kadothi komweko. Nthochi zomwe zinkatchukitsa Thyolo ndi kugwira nthaka m'makhwawa zidatha ndi matenda a chisaka. Esiteti ili ndi malo, akatswiri ndi ndalama zotetezera nthaka yake. Mudzi uli ndi makasu basi, ndipo pa zinthu zazikulu umadalira thumba la boma.

Tisadafike kumudzi, wanjinga adaima n'kundiuza kuti apa mpomwe pathera ulendo wake. Mlatho wa pakamtsinje kathu udakokoloka ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023. Anyamata adagoneka mitengo itatu ya bulugamu, ndiyo yomwe anthu akuwolokerapo. Ndidavula nsapato n'kuwoloka mwendo ukunjenjemera, pomwe mayi wina wosenza thumba la chimanga adandidutsa ngati akuyenda pabwalo. Adandiuza kuti madzi akadzaza ana sapita kusukulu, opita kukathyola tiyi amazungulira ulendo wautali n'kukafika mochedwa, ndipo wodwala amanyamulidwa pamachira mpaka tsidya lino kuti akapeze njinga yopita naye kuchipatala.

Amalume ndidawapeza pakhonde akuwothera dzuwa, matenda atawasiyako pang'ono. Titapatsana moni ndidayamba kudandaula za mlathowo, n'kumati boma latiiwala. Iwo adangoseka, n'kutuma mdzukulu kuti akatenge kope lachikuto cholimba m'nyumba. Amalumewo ndi membala wa komiti ya chitukuko ya m'dera la agulupu athu, yomwe timangoitchula kuti VDC.

"Mphwanga, inenso ndinkalankhula ngati iweyo," adatero. "Chaka choyamba tidangokhala n'kumadikira kuti abwera adzaone okha. Titapita kukafunsa, adatifunsa kuti mlatho wanuwo udalembedwa pati. Tidayang'anana. Pamsonkhano wolemba zofuna za mudzi padabwera anthu owerengeka, ndipo zomwe zidalembedwa ndi mjigo ndi nyumba ya mphunzitsi. Mlatho panthawiyo unali chilili, ndiye palibe adauganizira."

Apa mpomwe ndidayamba kumvetsa njira yomwe ndalama zachitukuko zimayendamo. Chiyambire lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, lomwe lidabweretsa mphamvu kwa anthu, pempho limayambira ku VDC. Kumeneko anthu amagwirizana zosowa zawo n'kuzindandalika, chachikulu pamwamba. Kuchoka apo limapita ku ADC, komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, yomwe imasankha pakati pa zopempha za midzi yambiri. Zosankhidwazo zimakafika kukhonsolo n'kulowa m'pulani ya chitukuko ya boma lonse, yomwe imakhala ya zaka zisanu. Chaka chilichonse khonsolo imatapa m'pulani imeneyi ntchito zoti zigwiridwe. Chomwe sichidalowemo chimavuta kuchipezera ndalama, ngakhale chikhale chopweteka chotani.

Matumba a ndalamazo ndi angapo. Padakhazikitsidwa thumba la chitukuko cha m'maboma la DDF, lochokera kulikulu kudzera ku National Local Government Finance Committee. Lilipo la CDF, lomwe lidayamba mu 2006 ndipo limagawidwa potsata madera a aphungu. Mu 2020 kudabweranso ndondomeko ya GESD, ya ndalama zokwana 100 miliyoni za ku America zochokera ku Banki Yaikulu Padziko Lonse, yolunjika makhonsolo 28 a m'maboma. Iyi idabwera ndi kachitidwe kachilendo. Chaka ndi chaka makhonsolo amayesedwa mayeso otchedwa LAPA. Oyesawo amaona ngati mabuku a ndalama ali olongosoka, ngati ntchito zogwiridwa zidachokeradi m'pulani, ngati makontirakitala adasankhidwa motsata malamulo ndiponso ngati zomangidwa zidatha. Khonsolo yolephera mfundo zoyambirira simalawa ndalamazo chaka chimenecho, ndipo yokhoza bwino imalandira zochulukirapo.

Tanthauzo lake n'lakuti kalaliki akasochezetsa malisiti muofesi, amene amalangika ndi mwana wowoloka pamitengo itatu ija. Tanthauzo lina n'lakuti ife eni mudzi tili ndi chifukwa chofunsira kuti khonsolo yathu idakhoza bwanji pamayesowo, monga momwe timafunsira zotsatira za ana athu a Sitandade 8. Zotsatirazo zimalengezedwa poyera. Khansala amene tidamusankha ayenera kutha kutiyankha, ndipo akati sakudziwa tizimutuma akafunse. Paja safunsa adadya phula.

Amalume adatsegula kope lija. Ndidadabwa kuona kuti salembamo madandaulo koma manambala. Alemba mabanja omwe amawolokera pamenepo, ana asukulu okhala tsidya lino, masiku omwe anawo adajomba chifukwa cha madzi, ndi odwala omwe adanyamulidwa pamachira. Mphunzitsi wamkulu ndi mlangizi wa zaumoyo adasainira. Mdzukulu wawo adajambula zithunzi pafoni madzi atasefukira. Adati ku ADC midzi yonse imalira, ndipo aliyense amati vuto lake ndilo lalikulu, koma wobwera ndi umboni amamveka msanga kuposa wokweza mawu.

Chinthu china chomwe adaphunzira n'chakuti mlatho paokha sukwanira. Womwe udakokolokawo sudagwe chifukwa cha simenti yokha. Madzi adatsika m'zitunda zopanda mitengo atanyamula miyala ndi zitsa, n'kuwomba zipilala. Ukamanga wina osakonza kumtunda, udzapitanso. N'chifukwa chake komiti yawo idalumikiza pempho la mlatho ndi ntchito za mthandizi zosamalira chilengedwe, zomwe zikuchitika m'maboma onse pansi pa ndondomeko ya Climate Smart Enhanced Public Works. Kumeneko anthu amalipidwa kangachepe pokumba maswale, kutseka zigwembe ndi miyala, kudzala vetiva ndi mitengo m'mbali mwa mitsinje. Madzulo adanditengera kumtunda kukaona mizere ya vetiva yomwe yayamba kugwira. Dothi lomwe likadapita kumtsinje launjikana kuseri kwa udzuwo. Ndi luso lomwe lija ndidaliona m'minda ya tiyi, kungoti apa likuchitika ndi makasu.

Nkhani imeneyi sithera pa Thyolo pokha. Pamsonkhano wa zanyengo wa COP27 ku Egypt mu 2022, maiko adagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza maiko osauka omwe akuwonongekeredwa ndi kusintha kwa nyengo. Lilipo kale thumba lina lotchedwa Green Climate Fund, lomwe Malawi idapindulako. Ife amene tidaona Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 tili ndi ufulu wonse wopempha ndalama zimenezi, pakuti utsi womwe ukutenthetsa dziko sudachokere m'mafuwa athu. Koma eni matumbawo amafunsa mafunso omwe aja amalume adafunsidwa: vuto lili pati, likukhudza anthu angati, mudzagwiritsa ntchito bwanji ndalamazo, ndipo zomwe tidakupatsani kale zidapita kuti? Boma likamapita kukapempha kunja limanyamula zomwe makhonsolo alemba, ndipo makhonsolo amalemba zomwe midzi yanena.

Sindikufuna kunamiza owerenga kuti pepala likalembedwa bwino ndiye kuti mlatho wamangidwa. Ndalama n'zochepa poyerekeza ndi zosowa, nthawi zina zimafika mochedwa, ndipo kukwera mitengo kwa simenti kumadya bajeti ntchito isadayambe. Ndale nazo zimalowererapo. Tonse tidaonapo m'dziko muno nyumba zosiyidwa pawindo ndi milatho yogumuka mvula yoyamba. Koma mankhwala a zimenezi si kukhala pakhonde n'kumang'ung'udza. Ntchito ikabwera pamayenera kukhala komiti ya anthu a m'mudzi yoyang'anira, yodziwa mtengo wa ntchitoyo, yowerenga matumba a simenti akamatsitsidwa, ndi yokana kusainira chinthu chosatha.

Ife a m'tauni tili ndi mlandu wathu. Timatumiza ndalama za maliro ndi za feteleza, koma sitifunsa kuti VDC ikumana liti. Ambiri mwa ife tidaphunzira ndi ndalama zothyola tiyi za amayi athu, ndipo timalemba malipoti tsiku ndi tsiku m'maofesi a eni ake. Kuthandiza komiti ya kwathu kulemba pempho looneka bwino sikungatitengere ngakhale Loweruka lathunthu. Ndidachita manyazi amalume atandipempha kuti ndikawatayipire masamba anayi a m'kope lija, chifukwa iwo maso ayamba kuvuta.

Pobwerera m'mawa mwake adandiperekeza ndi ndodo yawo mpaka pamtsinje. Ana asukulu anali pamzere, akuluakulu akugwira ang'onoang'ono dzanja powoloka. Pempho la mlatho lidadutsa ku ADC, ndipo tsopano akudikira kumva ngati lilowe m'ntchito za chaka chamawa. Ndidawafunsa kuti likakanika adzatani.

"Tidzalembanso, mphwanga," adatero. "Iwe kangotayipa msanga, mvula ili pafupi."

Masamba anayiwo ndidawatumiza kale ndi kondakitala wa minibasi. Kwa anzanga a ku Thekerani, Luchenza, Bvumbwe ndi kwina konse komwe mukuwoloka pamitengo, funsani agulupu anu tsiku la msonkhano wa VDC, ndipo popita musaiwale kope ndi cholembera.