Tsiku Limene Ndinaphunzira Kumvetsera

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu amenewa ndinawamvetsa bwino m'chaka cha 1989, pamene galimoto ya bambo anga inayamba kudwala nthenda yobisala.

Galimotoyo inali Peugeot 404 yonyamula katundu, yokalamba koma yokhulupirika. Inkanyamula mbuzi ndi nzimbe kuchokera ku Chikwawa kupita ku misika ya mu Blantyre, ndipo fizi yanga ya ku sekondale inkachokera m'menemo. Tsiku lina, tikukwera zitunda zokhotakhota za pa msewu umenewu, tinamva kaphokoso mu injini ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini. Titafika pamtunda, kanangoti zii! Mawa lake kanabweranso pamalo omwewo.

Makaniko woyamba sanachedwe kuweruza. Anati maberingi atha, ndipo injini iyenera kutsitsidwa isananoke. Mtengo umene anatchula unaposa fizi yanga ya chaka chathunthu. Usiku umenewo ndinamva bambo akuuza mayi motsitsa mawu kuti mwina ndiyambe ndapuma sukulu. Tulo sindinatione.

Poti mutu umodzi susenza denga, malume anatilozera kwa mkulu wina wa ku Ndirande. Mkuluyo sanathamangire sipanala. Anayamba ndi mafunso, monga achitira dokotala.

"Kodi bambo, phokosoli limabwera injini ili yozizira kapena itatentha? Pachitunda kapena pachigwa? Muli ndi katundu kapena ayi?"

Bambo atayankha, iwo anayang'ana oyilo ndipo anapeza kuti ngwokwanira. Kenaka anagunditsa nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injini, chigwiriro n'kuika kukhutu, namvetsera apa ndi apo. Anazulanso mawaya a mapulagi onse anayi, limodzilimodzi. Anafotokoza kuti beringi ikatha imagogoda molemera kuchokera pansi, ndipo kugogodako kumachepa ukazula waya wa silinda yodwalayo. Koma apa panalibe chogogoda.

"Tiyeni tikaikweze phiri," anatero.

Tinapakira matumba a mchenga n'kuyamba kukwera chitunda. Bambo ataponda moto ali m'giya yaikulu, kaphokoso kaja kanatulukira. Mkuluyo anamwetulira.

"Mwanawe, wamva? Uyo ndi petulo akuphulika mosalongosoka. Moto wa pulagi ukufulumira, pisitoni isanafike poyenera, ndiye ziwirizi zikulimbana."

Anati mwaye wounjikana m'masilinda ndiponso kutenthetsa kwa injini zimakulitsa vutoli, ndipo likalekereredwa limatha kuboola pisitoni. Anamasula kabawuti ka disitibyuta, naipotoza pang'ono chabe kuti moto uzichedwerapo. Anatsuka mapulagi, nalangiza bambo kuti pachitunda azitsitsa giya msanga. Titakweranso, injini inalira bwinobwino mpaka pamwamba. Malipiro ake sanafike ngakhale pa mtengo wa mbuzi imodzi, ndipo ine ndinabwerera ku sukulu.

Makaniko woyamba uja sanali wakuba. Iye anamva dzina la nthenda m'mutu mwake asanamve kulira kwa injini. Ifenso timatero kawirikawiri: mnzathu akayamba kudandaula, yankho timakhala talikonza kale asanamalize kulankhula. Kufikira lero, vuto likandigwera, ndimakumbukira mkulu uja ali chiweramire, khutu lili pa chigwiriro, osanena kanthu mpaka atamva.