Adzukulu a Kwathu ku Lifupa

Ana a masiku ano akaona munthu wamkulu akutsimphina mwadala pamaliro, atavala chipewa cha malemu, amati wazungulira mutu kapena walawa kachasu. Ife amene tinakulira m'midzi ya kufupi ndi Lifupa, m'malire mwa nkhalango ya Kasungu imene boma linaisandutsa paki mu 1970, tinkadziwa kuti munthuyo ali pantchito yake. Ameneyo ndi mdzukulu.

Adzukulu sankachokera m'banja loferedwa. Iwo ndiwo ankasambitsa thupi, kukumba manda ndi kunyamula maliro, ndipo pa ntchito yolemetsayo mudzi unkawapatsa ufulu umene ngakhale nyakwawa analibe. Nkhuku ikawadutsa pafupi ankangoigwira, mwini wake n'kungoyang'ana kumbali.

Atamwalira agogo anga aamuna, mayi wina wa mudzi woyandikana nafe anatuluka m'nyumba ya siwa atavala jekete lawo, ndodo ili m'manja. Kayendedwe kake n'ka agogo enieni, katsokomoledwe n'komweko, mpaka kugogoda kabotolo ka fodya wam'mphuno pachikhatho. Anapita pamene panakhala akuluakulu, n'kuima pamaso pa amfumu.

"Amfumu, mbuzi yanga ija munabwereka chaka cha njala mubweza liti? Onani ndikunyamukatu ine!"

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Agogo aakazi, amene chakudya chinkawakanika kukhosi, anaseka misozi ili mbwee, ndipo madzulo ake anamwa phala. Mbuzi nayo inabwera maliro atatha. Nkhani ya ngongoleyo aliyense ankaidziwa, koma panalibe wa m'banja mwathu amene akanaitchula pamaso pa amfumu.

Kubwalo la gule zinali chimodzimodzi. Simoni ankatulukira ndi nkhope yake yofiira psuu, atavala jekete, akuyenda monyang'wa ngati mzungu wa ku esiteti. Maliya ankavina monyada ndi kamwana kake, amayi akumuimbira. Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa, komabe pobwerera kunyumba aliyense ankadziwa kuti chilombocho chimanena khalidwe la yani. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma alendo obwera ndi makamera ambiri amangoona nthenga ndi fumbi, chitonzocho osachimva.

Nako kuchigafa, nyengo yosoka fodya, sipankasowa wanthabwala. Tinali naye tenanti wina wochokera kummwera amene ankatengera kapitawo wathu, cholembera kukhutu, akununkhiza tsamba lililonse n'kulitsitsa giredi. Ankawerenganso ngongole za ufa ndi feteleza mpaka kumulembera munthu ngongole ya mthunzi umene wakhalapo. Kapitawo akatulukira, iye ankasanduka njovu yolowa m'munda wa chimanga, mkono uli lendee pamphuno. Kapitawoyo ankaseka nawo, ngakhale ndikhulupirira kuti zinkamufika.

Kenaka anabwera Izeki ndi Jakobo, anyamata a Kwathu Drama Group, John Nyanga ndi Eric Mabedi. Dziko lonse linawakonda, ndipo ife sitinadabwe nawo, chifukwa kudzipusitsa kuti unene zoona tinali titakuona kale pamanda ndi pabwalo. Nyanga anatisiya mu 2016, Mabedi mu 2021.

Lero maliro ambiri kuno ali ndi matenti, zokuzira mawu ndi wotsogolera mwambo amene maso ake sachoka pawotchi. Mipingo ina imati zochita za adzukulu n'zachikunja. Sindikangana nawo abusa, koma ndaona amasiye akubwerera kumanda nkhope zili gwaa, popanda ndi mmodzi yemwe wowamasula.

Inu adzukulu anga amene mukuyendetsa miyambo tsopano, mayi wachikulire akadzatenga chipewa changa n'kuyamba kutsimphina, musadzamugwire dzanja. Mudzamusiye amalize, ndipo nkhuku mudzam'patse.