Za Mwana Woyenda Ali M'tulo

Tikuuzeni zimene zidatigwera m'nyumba mwathu, kuti kapena zingathandize ena.

Usiku wina wa m'nyengo ya masika tidadzidzimuka pakumva chitseko chilikulira. Potuluka tidapeza mwana wathu wa zaka 7 ataima pafupi ndi chitsime, maso ali tong'o, koma wosatizindikira. M'mawa mwake sadakumbuke kanthu. Ena a m'mudzi adayamba kunong'ona kuti afiti alikumtenga. Ife tidakana, pakuti kuyenda m'tulo si ufiti ayi. Kumadza pa tulo tofa nato, kawirikawiri m'maola 3 oyamba mwana atagona, makamaka akatopa koposa, akasowa tulo, kapena akatentha thupi. Kumatsata mtundu, ndipo ana ambiri amaleka akamasinkhuka.

Tsono tidachita motere. Mpiringidzo tidaukweza poti mwana sangafike, ndipo pachitseko tidamangapo chitini cha timiyala kuti chizitidzutsa. Moto wa pambaula timauzima tisanagone, nkhwangwa, mipeni ndi makasu timazisunga patali, chitsime tidachivundikira. Mwanayo amagona msanga, pamphasa, atayamba wataya madzi.

Inu makolo anzathu, mukampeza mwana alikuyenda, musamkalipire, musamgwedeze, musammenye. Mgwireni dzanja mofatsa ndi kumbwezera pogona pake. Kukacha musamseke pamaso pa anzake. Koma akamagwa ndi kuphupha, thovu lili kukamwa, fulumirani naye kuchipatala, pakuti mwina ndi khunyu.

Lero mnyamata wathu ali ndi zaka 13, ndipo amagona mpaka tambala woyamba. Chitini chija chikadali pachitseko, koma chidaleka kulira usiku.