Chimene Chimagwetsa Mlimi pa Mpikisano wa Chesi

Mdzukulu wa Amalawi amene anabwera kudzakumba golide ku migodi ya Cam and Motor ku Kadoma ndi Dalny ku Chakari saona chachilendo kwenikweni pa thabwa la chesi. Bawo limene agogo ake ankasewera m'makomboni lili ndi maenje 32 ndi njere 64, pamene chesi ili ndi timabwalo 64 ndi tizidole 32. Masewero onsewa amafuna munthu wowerengeratu ulendo wake dzanja lisanatambasuke.

Komabe mlimi wotereyu akachoka ku Mubaira, m'dera la Mhondoro, kukakhala pa mpikisano wake woyamba m'tauni, kawirikawiri amagonja atatsogola kale. Nzeru ali nazo. Chomwe chimamupunthwitsa ndi malamulo amene pansi pa mtengo kulibe. Kachidole ukakagwira, uyenera kukasuntha komweko. Mawu oti "pepani, ndabweza" samveka. Oonerera, amene pa bawo amakuwa ndi kupereka malangizo, pano amakhala duu ngati pamaliro.

Choopsa koposa ndi wotchi ya nkhope ziwiri imene imakhala pambali pa thabwa. Aliyense amapatsidwa nthawi yake, ndipo akasuntha amadina kuti iyambe kudya ya mnzake. Munthu wozolowera kudikira mvula ya Novembala mosatekeseka amatha kukhala mphindi makumi awiri akusinkhasinkha kusuntha kumodzi. Amapezadi njira yabwino, mwina yoposa ya mnyamata wa sukulu amene wakhala naye moyang'anizana. Koma akadzutsa mutu, wotchi yamutsalira mphindi ziwiri. Manja amanjenjemera, mfumukazi imatayika mwachibwana, ndipo ndalama ya basi imene banja linapatula pa za feteleza yapita.

Kuti luso lilipo m'chigawo chino n'zosakayikitsa. Mu 2002, ku Bled m'dziko la Slovenia, Robert Gwaze wa ku Zimbabwe anapambana masewero onse 9 amene anasewera pa Olympiad, natenga mendulo ya golide pa thabwa loyamba, pomwe Garry Kasparov analiponso. Ena anati anakumana ndi ofooka. Mu 2007 anakhala katswiri wa Africa yonse ku Windhoek.

Alangizi a chitukuko akamagulira magulu a kumudzi mathabwa a chesi, wotchi amaiwala, poti ndi yodula. Masiku ano foni yamakono imodzi, itaikidwa pakati pa osewera awiri, imagwira ntchito yomweyo, ndipo mlimi angaizolowere kwawo ku Mubaira asanakwere basi.